Mababu a energy saver aja, momwe mungawaikire ndi kuwasamala osawotcha nyumba

Tsiku lina cha m'ma 9 koloko usiku tili pabalaza, mayi a kunyumba anangoti kodi ndani akuwotcha majumbo usiku uno? Ine kutuluka panja kukaona, palibe moto uliwonse, kukhitchini mbaula inali itazima kalekale, koma kubwerera mkati fungo lija likungokulirakulira, fungo la pulasitiki yopsa lija lokanda pakhosi. Mwana ndi amene analoza kudenga, nde kuyang'ana, babu likuphethiraphethira kwinaku kautsi kowonda kakutuluka pamene babu limalumikizana ndi holda. Ndinathamangira ku main switch n'kuzimitsa nyumba yonse, tinagona ndi tochi ya pafoni. M'mawa mwake nditakwera kukachotsa, babu linalibe vuto lalikulu ayi, holda ndi imene inali itasanduka ya bulauni, kungoigwira inafumbutuka ngati bisiketi, ndipo waya umodzi unali ukungolendewera ndi titsitsi tiwiri basi. Nyumba ya lendi, holda imene ija mwina inaikidwa ine ndisanakwatire.

Nde ndikamamva anthu akukangana zoti ma energy saver ndi oopsa, ena amvekere amaphulika, ena amvekere ali ndi poizoni, ine ndimati zoona zilipomo pang'ono, koma nthawi zambiri chimene chimafuna kukuwotcherani nyumba ndi pamene mwalilowetsa babulo ndi momwe mwaligwirira. Ambirife mababu opiringizika amenewa tinawazolowera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010 pamene ESCOM inkayenda m'makomo kusinthitsa mababu akale otentha aja, cholinga chinali choti madzulo aliyense akayatsa magetsi katundu achepeko, poti mphamvu zathu zambiri zimachokera pa Shire pomwepa, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mababu anasintha koma maholda ambiri anatsala omwe aja.

Kuti zimene ndinene zimveke, dziwani kaye kuti babu limeneli lili ndi mbali ziwiri. Kuli galasi lopindidwa lija, mkati mwake muli mpweya wosakanikirana ndi ka mercury (chitsulo chamadzimadzi chija cha poizoni) pang'ono, magetsi akadutsamo kumatuluka kuwala kwa UV kumene maso saona, nde ufa woyera umene anamata mkati mwa galasimo ndi umene umasandutsa UV ija kukhala kuwala kumene timaonaku. Mbali inayo ndi tsinde loyera la pulasitiki, mmenemo muli kabolodi kakang'ono ka zamagetsi ngati ka mu chaja ya foni. Galasi limaopa kusweka, kabolodi kamaopa kutentha ndi madzi. Zonse zimene zikubwerazi zikuchokera pamenepo.

Tiyambire pogula. Musangotenga chifukwa wogulitsa wakuyatsirani pa kabolodi kake kaja n'kuona kuti lawala, tengani katoni muwerenge. Magetsi a m'nyumba kuno ndi 230V pa 50Hz, nde pa katoni ndi pa tsinde la babu pazilembedwa 220-240V. Mababu ochokera ku Joni kapena ku UK alibe vuto chifukwa kumeneko magetsi ndi ofanana ndi athu, koma ngati m'bale wanu wa ku America wakutumizirani katundu muli mababu, amenewo ambiri ndi a 120V, mukalowetsa kuno lipsa pomwepo mwinanso ndi kaphokoso. Palinso ena a 12V opangira sola ndi batire, maonekedwe ofanana ndendende moti ukhoza kusokoneza, amenewo asayandikire holda ya magetsi a m'nyumba. Kenako onani kumapeto kwake ngati ndi la mapini awiri lokankha n'kupotoza, lolembedwa B22, kapena la sikuluwu, lolembedwa E27. Nyumba zambiri zakale kuno ndi za mapini, koma ma fitting atsopanowa ambiri akubwera a sikuluwu, nde jambulani holda yanu pafoni musananyamuke kusiyana ndi kukafika kunyumba n'kuyamba kukakamiza kapena kulumikiza ndi tima adaputa totchipa tomwe timangogwedezeka.

Babu lenilenilo ligwireni m'manja. Galasi lisamagwedere pa tsinde, pasakhale mng'alu, ndipo mukaligwedeza pafupi ndi khutu lisamalire ngati muli timiyala. Ngati pa babu palibe dzina la kampani, palibe mawatt, palibe chilichonse, katoni yokha ndi imene yalembedwa zinthu zokoma, ine limenelo ndimalisiya olo litchipe bwanji, chifukwa pamene opanga achinyengo amabera ndi mu kabolodi kamkati kaja komwe simungaone, ndi pulasitiki ya tsinde yomwe imayenera kukhala yosagwira moto.

Za mawatt anthu amasokonezeka. Energy saver imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a magetsi amene babu lakale limadya pa kuwala kofanana, nde la 11W mpaka 14W limawala ngati lakale la 60W, ndipo la 20W limafanana ndi la 100W. Holda kapena shedi ikalembedwa kuti max 60W, chimene muwerengere ndi mawatt enieni amene babu likudya, osati aja alembedwa kuti likufanana ndi 100W, kotero la 20W likhoza kulowa bwinobwino. Pa mayunitsi, tangowerengani nokha, babu la 60W loyaka maola 5 patsiku limadya mayunitsi 9 pa mwezi, la 14W limadya 2.1 basi, nde ngati muli ndi mababu 6 ndi nkhani ya mayunitsi 54 kuyerekeza ndi 12.6. Koma musatengeke n'kukagula zimababu zikuluzikulu za 65W kapena 85W zija zokhala ngati chinanazi n'kukapachika pa kaholda kolendewera pa waya, kulemera kokhako kumakoka mawaya pang'onopang'ono mpaka kumasula masikuluwu, zimenezo zimafuna holda yolimba yokhomeredwa kudenga.

Tsopano mwafika kunyumba. Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ambirife timangochotsa lakufa n'kulowetsa latsopano osayang'ana n'komwe. Zimitsani pa switchi ya pakhoma, inde, koma ngati mukufuna kugwira holda kapena kusuzumira mkati mwake pitani mukagwetse breaker ya ma lights pa bolodi, ndipo ngati simukudziwa kuti ndi iti gwetsani main yonse. Chifukwa chake n'chakuti nyumba zina, makamaka zimene anawayaringa anyamata a m'dera omwe anangophunzirira poonerera, switchi anaidulira pa waya wa neutral, wobwezera magetsi, m'malo mwa wa live, wobweretsa magetsi. Babu limazima bwinobwino ukadina, koma moto umakhala ulipobe mu holda kudikira chala chanu. Ndipo chonde musadalire zoti magetsi athima, ndi nthawi imeneyo anthu amati bola ndikonze pano kulibe magetsi, kenako amabwera osagogoda inu zala zili mkati. Gwetsani main olo kuli blackout, ndipo muwauze a m'nyumba kuti wina asakadzutse poganiza kuti yagwa yokha.

Mukazimitsa dikirani mphindi zingapo babu lizizire, tsinde lija limatentha ndithu ngakhale galasi limaoneka lofatsa. Pezani chopondera chokhazikika, tebulo lolimba kapena makwerero, wina akugwirireni. Ndowa yovundikira ayi, mpando wa pulasitiki uja miyendo yake imatambasuka ayi, ndipo kusanjikiza mpando pa tebulo nde ayi ndithu. Manja akhale ouma, pansi pakhale pouma, valani nsapato olo masilipasi, osati mwangomaliza kukolopa kapena mwangotuluka kubafa. Ine ndimayalanso nyuzi kapena katoni pansi pa malo amene ndikugwirapo ntchito, kuti likapulumuka zidutswa zisamwazikire pa mkeka.

Pochotsa ndi poika, gwirani pa tsinde la pulasitiki, osati pa galasi. Ichi ndi chimene chimaswetsa mababu ambiri, munthu amagwira mapaipi a galasi aja ngati chogwirira n'kupotoza ndi mphamvu, galasi lake ndi lopyapyala, limathyokera m'manja n'kukuchekani pomwepo. La mapini mumakankhira m'mwamba pang'ono n'kupotozera kumanzere kuti lituluke, poika mumakankha n'kupotozera kumanja mpaka mapini akhale m'malo mwake. Dzanja linalo ligwire holda kuti isazungulire limodzi, chifukwa ikamazungulira mawaya amapotana mkati mpaka kusupuka. La sikuluwu mangani mpaka lingogwira, osachita kulimbitsa ngati nati ya tayala la minibasi.

Babu lakale lili m'manja, musathamangire kuika latsopano, walitsani tochi mu holdamo. Mu holda ya mapini muli timitu tiwiri ta chitsulo tokhala ndi masipuling'i, magetsi ali ozimitsa ku main tidineni ndi kamtengo kouma, tizibwerera mwamphamvu. Kakakhala kofooka kapena kokanirira mkati ndiye kuti sikakhudza babu bwino, ndipo pamene pakhudzana mwa theka pamatuluka timoto ting'onoting'ono, ndi timeneto timatenthetsa holda mpaka kupsa. Yang'anani mtundu, ikakhala yachikasu kwambiri, ya bulauni kapena yakuda m'mphepete, yatha imeneyo. Yang'anani ming'alu, dzimbiri, chobiriwira chija chimamera pa kopa, ndi timipata tolowa mapini ngati tathyoka, poti ndaonapo anthu atamanga babu ku holda ndi lamba wa chubu kapena selotepi kuti lisagwe. Yang'ananinso waya pamene ukulowa mu holda, khungu lake likakhala louma lothetheka kapena kopa akuonekera, musaikemo babu. Ndipo muzipukuta, mumakhala akangaude, mphemvu zakufa, nyengo ya mvula nde mapiko a ngumbi odzadza, zonsezo zikauma ndi nkhuni.

Holda yatsopano mtengo wake ndi wochepa kuyerekeza ndi sofa yanu. Ngati mumadziwa zamagetsi mukhoza kusintha nokha main ili pansi, kumanga masikuluwu bwino osasiya titsitsi ta waya panja, ndipo pa holda ya sikuluwu waya wa live, wofiira pa mawaya akale kapena wa bulauni pa atsopano, upite pa kachitsulo ka pakati, osati pa chozungulira chija chimene zala zimatha kukhudza posintha babu. Ngati zimene ndalembazi zikukuzunguzani mutu, itanani wa zamagetsi amene ali ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi, palibe chamanyazi. Amene muli pa lendi, jambulani chithunzi mutumizire a landilodi pa WhatsApp kuti pakhale umboni, koma musamayatse getsi limenelo podikira kuti ayankhe, ena amayankha mwezi ukatha pobwera kudzatenga ndalama.

Chotsatira ndi malo, chifukwa si paliponse pamene energy saver imakhala bwino. Ma fitting otsekeka aja, agalasi ozungulira omata kudenga opanda potulukira mpweya, amasunga kutentha ndipo kabolodi kamkati kamapsa msanga, babu lolembedwa kuti likhala maola 6,000 kapena 8,000 limafa miyezi ingapo inu n'kumatukwana wogulitsa. Ngati katoni sinanene kuti ndi lololedwa mu fitting yotseka, liikeni poti mpweya uzidutsa. Nyumba zathu za malata zopanda siling'i nazo, mwezi wa October babu likakhala chogundana ndi lata limaphikidwa masana onse, litsitseni pang'ono lizilendewera patali ndi malata. Ndipo musalivindikire ndi nsalu, pepala kapena chitenje kuti kuwala kuchepe mwana agone, gulani la mawatt ochepa basi. Makatani, neti ya udzudzu ndi denga la udzu zikhale patali.

Madzi ndi mdani wina. Denga likamadontha, madzi amatsata waya n'kutsikira mu holda momwemo kenako mu tsinde la babu, nde mukaona dontho likulendewera kunsonga kwa babu nthawi ya mvula, musayatse ndipo musaligwire, gwetsani breaker kaye. Getsi la panja la security, la pakhonde pamene mvula imawomba, la kubafa kumene nthunzi imadzadza, onsewa amafuna fitting yopangira panja yokhala ndi labala yotchinga madzi, ndipo poti imeneyo ndi yotseka, musankhe babu la mawatt ochepa kapena lolembedwa kuti limalola zimenezo. Kukhitchini kumene mumaphikira pa mbaula kapena nkhuni, mwaye ndi mafuta zimamatirira pa galasi ndi pa timabowo ta tsinde, muzilichotsa mwa apo ndi apo lili lozizira n'kulipukuta ndi kansalu kouma.

Amene muli ndi ma switchi opotoza ochepetsa kuwala aja, ma dimmer, energy saver wamba sagwirizana nawo ngakhale mutapotoza mpaka kumapeto, limalira, limaphethira, limatentha ndipo apa nde pakhoza kubuka moto weniweni. Pokhapokha ngati katoni yalembedwa kuti dimmable. Chimodzimodzi ma sensa ena oyatsa okha munthu akadutsa, kuyatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi kumafupikitsa moyo wa mababu amenewa kwambiri, n'chifukwa chake la kuchimbudzi limafa msanga kuposa la pabalaza lomwe limayaka madzulo onse. Likamayamba mozimirira n'kumawala pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, makamaka m'mawa wa June kukuzizira, limenelo si vuto, ndi chibadwa chake.

Pali kanthu kena kamene kamaopsa anthu usiku. Mwazimitsa, mwagona, nde babu likumangoti phethi, pakapita kanthawi phethi, mpaka ena kuyamba kupemphera mwamphamvu poganiza kuti kwabwera alendo a usiku. Si ufiti abale. Kabolodi kaja kamasunga timagetsi tochepa tomwe tikudontha, tikadzadza kamayesa kuyatsa babu n'kulephera. Zimachitika switchi ikakhala ya kagetsi kofiira kowala mumdima, kapena mawaya akayendera limodzi mtunda wautali, kapena nkhani ija ya switchi yodulira pa neutral. Chomalizachi ndi chifukwa chokwanira choitanira wa zamagetsi adzayeze, poti ndiye kuti holda yanu imakhala ndi moto nthawi zonse.

Magetsi akathima, zimitsani maswitchi n'kusiya getsi limodzi loti likudziwitseni akabwera, chifukwa nthawi imene akubwerera ndi imene zamagetsi zambiri zimapsa. Akabwera ofooka, mababu akungoti psuu kapena akuphethira nyumba yonse, zimitsani mudikire akhazikike. Mukaona mbali ina ya nyumba mababu akuwala mopitirira muyeso pamene mbali ina akuzimirira, gwetsani main msanga n'kuitana odziwa, zimenezo nthawi zambiri ndi neutral yomasuka ndipo imawotcha ma TV ndi mafiriji omwe. Pa jenereta yaing'ono kapena inveta yotchipa babu likamalira ngati njuchi ndiye kuti magetsi ake sakulikomera, silikhalitsa.

Babu likamafa limapereka zizindikiro, kumapeto kwa galasi pafupi ndi tsinde kumada, limachedwa kuyaka, kuwala kumasanduka kofiirira, pena limazima lokha n'kuyakanso. Lichotseni nthawi imeneyo, musadikire kuti lifere pomwepo, chifukwa ena pomaliza amatulutsa kautsi ndi fungo, pulasitiki n'kuda pang'ono pamene galasi limalowera. Pa babu lopangidwa bwino zimathera pomwepo, koma simungadziwe kuti lanu ndi lotani, nde mukamva fungo zimitsani, tsegulani mawindo, lisiyeni lizizire. Moto ukayaka ndithu pa holda, choyamba ndi main switch, madzi ayi magetsi asanazimitsidwe, ndipo munthu akagwidwa ndi magetsi musamukoke ndi manja, zimitsani main kapena mukankheni ndi mtengo wouma, kenako kuchipatala olo akuoneka kuti ali bwino. Komanso zotsegula tsinde kuti mukonze kapena ana azisewera ndi kabolodi, zisiyeni, muli kapasita yomwe imatha kusunga moto kwa kanthawi babu litachotsedwa kale.

Za UV mwachidule. Mababu amene mapaipi ake ali poyera amatha kutulutsa UV pang'ono, moti mu 2008 a zaumoyo ku Britain analangiza kuti munthu asamakhale pafupi nalo kuchepera masentimita 30 kwa nthawi yoposa ola limodzi patsiku. Likakhala kudenga palibe nkhani. Zikukhudza amene mumaika babu pa tebulo pafupi ndi nkhope powerenga, telala wosoka usiku, wokonza mafoni, ndiponso anzathu a khungu losachedwa kupsa ndi dzuwa monga achialubino ndi odwala lupus. Kwa amenewa bola lija lokutidwa ndi galasi lachiwiri looneka ngati babu wamba, kapena babu la mtundu wa LED. Ndipo inu oweta nkhuku, energy saver sifunditsa anapiye, kutentha kwake n'kochepa, mudzangowapeza aunjikana pakona.

Tsopano nkhani ya mercury, imene anthu ena amaikokomeza pamene ena saidziwa n'komwe. Mu babu limodzi mumakhala pafupifupi mamiligalamu 3 mpaka 5, kadontho kosakwana kansonga ka bolopeni, pamene ma thermometer akale agalasi aja ankakhala ndi pafupifupi mamiligalamu 500. Babu likakhala lamphumphu palibe chimene chimatuluka, likhoza kuyaka zaka osakupatsani vuto. Likasweka ndi pamene mpweya wake umatuluka, ulibe fungo ulibe mtundu, ndipo mercury amawononga ubongo ndi mitsempha makamaka kwa ana aang'ono ndi mwana amene ali m'mimba. Babu limodzi losweka si loti muthawe m'nyumba n'kukagona kwa aneba, koma si loti muzisesanso ngati mwaswa kapu.

Kwathu zinachitika masana, mnyamata wanga akusewera mpira m'nyumba, zomwe ndinaletsa kambirimbiri, mpira n'kukamenya babu la pakolido. Pomwe ndimafika n'kuti agogo ake atagwira kale tsache, kamdzukulu kakang'ono kakukwawira komweko kukopeka ndi tizidutswa tonyezimira. Ndinati amayi dikirani kaye, tatengani mwanayo mupite naye panja, iwo amvekere iwe galasi lomweli mpaka kutithamangitsa m'nyumba? Anatuluka akung'ung'udza koma anatuluka. Ndipo choyamba n'chimenecho, tulutsani ana, amayi oyembekezera, amphaka ndi agalu, osaponda pamene pagwera zidutswa. Tsegulani mawindo ndi chitseko chopita panja, tsekani zitseko zopita kuzipinda zina, zimitsani fani ndi air con ngati ilipo, zimitsani switchi ya getsi lija, inunso tulukani kwa mphindi 10 mpaka 15 mpweya usinthe.

Mukabwerera, tsache ayi, chifukwa limamwaza ufa uja m'mwamba komanso limaunyamula kukausiya kuchipinda china mawa. Makina opopa fumbi nawonso ayi, amauzira mpweya wa mercury chipinda chonse. Valani magolovesi kapena jumbo kumanja, tengani makatoni awiri olimba, imodzi ngati fosholo inayo yokankhira, muwole zidutswa zikuluzikulu. Tizidutswa totsala ndi ufa woyera uja muzidinda ndi selotepi yaikulu ija yomatira makatoni, kudinda n'kunyamula, kudinda n'kunyamula, mpaka pansi payere, ndipo walitsani tochi chogonera pansi muona tinatake tikunyezimira pamene mumati mwamaliza. Pomaliza pukutani ndi tishu kapena kasanza konyowa koti mutaya. Zonsezo, makatoni, selotepi, kasanza, magolovesi, ikani mu botolo la galasi lokhala ndi chivindikiro cha chitsulo, longa la jamu kapena la mayonezi, n'kutseka kwambiri. Likasowa, majumbo awiri olimba omanga bwino, koma botolo ndi limene limatsekera mpweya bwino. Tulutsani panja nthawi yomweyo, lisagone m'nyumba. Sambani m'manja ndi sopo, mawindo akhalebe otsegula kwa maola angapo.

Likagwera pa mkeka, mphasa kapena kapeti, chitani chimodzimodzi ndi selotepi kenako pindani mosamala mukayanike panja pa mphepo kutali ndi pamene ana amasewera, osakung'untha m'nyumba. Chakudya chimene chinali poyera pamene lasweka, kaya ndi ufa, kaya ndiwo, tayani, galasi lokhalo ndi chifukwa chokwanira. Ndipo musaiwale kuti chitsa cha babu chatsalira mu holda, chimenecho gwetsani main kaye, chigwireni pa pulasitiki ndi golovesi kapena pulayala, chilowenso mu botolo lomwe lija.

Mababu akufa osasweka abwezereni mu katoni ya latsopano lija, n'chifukwa chake ine makatoni sinditaya, n'kuwasunga pamalo ouma pamene ana safika. Musawaponye pa moto wa zinyalala, kutentha ndi kumene kumatulutsa mercury yense kupita mu mpweya umene inu ndi aneba mukupuma, musawaponye kudzala la manyowa a kudimba, m'ngalande, mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime, ndipo ana asamawaswe ndi legeni pochita mpikisano. Akachuluka, makamaka inu a masukulu, matchalitchi ndi malo ogona alendo, funsani ku khonsolo ya kwanuko kapena ku ofesi ya zachilengedwe kuti akuuzeni kokawasiya, ndipo mukamapereka kwa otola zinyalala akhale okutidwa bwino ndi olembedwa, anthu aja amagwira ndi manja.

Mercury yemweyu ndi amene akuchotsetsa mababu amenewa pa msika. Pali pangano la maiko lotchedwa Minamata, dzina la tauni ya ku Japan kumene anthu anadwala koopsa m'zaka za m'ma 1950 chifukwa chodya nsomba za m'madzi amene fakitale inkatayiramo mercury. Panganoli linasainidwa mu 2013, ndipo pa msonkhano wa ku Bali mu 2022 maiko anagwirizana kuti ma energy saver a m'nyumba a 30W kutsika pansi asiye kupangidwa ndi kugulitsidwa pakati pa maiko pofika 2025, ndipo maiko a mu Africa ndi amene anabweretsa ganizo limeneli. Nde amene muli nawo akuyaka bwino asiyeni ayake mpaka atope, kuwataya ali moyo n'kungochulukitsa zinyalala zomwe zija, koma likafa gulani LED, ilibe mercury, imayaka nthawi yomweyo, ndipo ya 9W imawala ngati lakale la 60W. Imalowa mu holda yomweyo ya B22 kapena E27, nayonso ili ndi kabolodi mu tsinde kamene kamadana ndi kutentha, madzi ndi dimmer wamba, kotero tsiku losintha mudzagwetsebe main n'kuwalitsa tochi mu holdamo musanalowetse. Ine nditasintha ya pabalaza ija ndinazungulira nyumba yonse Loweruka lotsatira, mwa maholda 7 atatu anali a bulauni, ina ya kuchipinda kwa ana, pamwamba penipeni pa neti.